PLUGIN YA SEO SIGULA MALO PA GOOGLE

ANTHU ambiri amene atsegula mawebusaiti a malonda, a sukulu, a mipingo ndi a mabungwe othandiza anthu akumana ndi bvuto limodzi lofanana: nyumba amanga, utoto apaka, koma alendo sakufika. Munthu akalemba dzina la katundu wao pa Google, oonekera pamwamba ndi anzao ena, pamene iwo ali pa tsamba lacisanu kapena kupitirira apo, kumene wofufuza safikako kawirikawiri. Webusaiti yotere ifanana ndi sitolo yomangidwa pakati pa thengo, yodzala ndi katundu wabwino koma yopanda mseu ndiponso cikwangwani.

Nchito yolambula mseu umenewu ndiyo ichedwa SEO, zilembo zoyamba za mau a Cingerezi akuti search engine optimization. Tanthauzo lake ndi kukonza webusaiti mwa njira yakuti makina ofufuzira aipeze, aimvetse ndi kuiika pamalo oonekera. Popeza pa kufufuza 10 kulikonse kocitika pa dziko lapansi, pafupifupi 9 kumacitikira pa Google, nkhani ya SEO kwenikweni ndi nkhani yomvana ndi kampani imodzi ya ku America imene Larry Page ndi Sergey Brin anayambitsa m'caka ca 1998.

Zambia inalumikizidwa ku intaneti msanga, m'caka ca 1994, kupyolera mu ZAMNET imene inabadwira pa University of Zambia. Masiku amenewo mawebusaiti anali owerengeka ndipo kupezeka sikunali kobvuta. Lero mwini nyumba yogona alendo ku Mfuwe alimbirana malo ndi makampani akuluakulu a maulendo a ku London ndi Johannesburg, amene ali ndi anthu olembedwa nchito ya SEO yokhayokha. Akapempha nzeru kwa omanga mawebusaiti, yankho loyamba limene amalandira ndi lakuti aike plugin. Funso lotsala ndi lakuti: iti, ndipo idzamucitira ciani?

MMENE GOOGLE IMAYENDERA

Google ili ndi pulogalamu yochedwa Googlebot imene usana ndi usiku imayendayenda pa intaneti, kucoka pa tsamba lina kupita pa lina potsata malinki. Tsamba lililonse limene yapeza imaliwerenga ndi kulisunga m'kaundula wake wamkulu. Munthu akalemba funso, Google sipita kukafunafuna pa intaneti nthawi yomweyo ai. Imatsegula kaundula uja ndi kundandalika masamba monga mwa mmene iganizira kuti ayankha bwino funsolo. Nzeru yoyamba ya Page ndi Brin, yochedwa PageRank, inali yakuti tsamba limene masamba ena ambiri odalirika alilozera liyenera kukhala lofunika, monga mmene m'mudzi anthu amadziwira sing'anga weniweni poona kuculuka kwa njira zolowera kwao. Kuyambira pamenepo zoyezera zaonjezeka kwambiri, koma magawo atatu aja sanasinthe: kupeza tsamba, kulisunga, ndi kulipatsa malo.

Plugin ya SEO ithandiza kwambiri pa magawo awiri oyamba. Pa gawo lacitatu mphamvu yake ndi yocepa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amanyengedwa.

Plugin ndi kapulogalamu kamene kamalumikizidwa ku pulogalamu yaikulu kuti kaionjezere luso lina, monga khasu kapena ngolo imene mlimi amakoloweka kumbuyo kwa thirakitala. Pulogalamu yaikulu imene ikunenedwa pano ndi WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anatulutsa m'caka ca 2003, ndipo tsopano iyendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse. M'nkhokwe ya WordPress muli maplugin aulere pafupifupi 60,000, ndipo a SEO okha ndi ambirimbiri, iliyonse ikudzitama kuti ndiyo yopambana.

Nchito yeniyeni ya plugin ya SEO ndi yosabvuta kuifotokoza. Imapatsa mwini webusaiti malo olembapo mutu wa tsamba umene udzaoneka pa Google, ndi kacidule ka mizere iwiri kooneka pansi pa mutuwo. Mutu ukapitirira zilembo pafupifupi 60, kapena kacidule kakapitirira zilembo pafupifupi 155, Google imadula cakumapeto, ndipo plugin imacenjeza wolemba asanafike pamenepo. Imapanganso mapu a webusaiti, ochedwa sitemap, amene ndi mndandanda wa masamba onse woperekedwa kwa Googlebot kuti isaphonye ngakhale limodzi. Njira imeneyi Google inaiyamba mu 2005, ndipo Yahoo ndi Microsoft anaibvomereza caka cotsatira. Nkhani imodzi ikapezeka pa maadiresi awiri, plugin imauza Google kuti yeniyeni ndi iti. Tsamba limene mwini wake safuna kuti lioneke, monga lothokoza wogula atalipira, imaliika cizindikiro coletsa.

Palinso zinthu ziwiri zimene maso a munthu saona. Coyamba ndi zolembedwa zobisika za schema.org, dongosolo limene Google, Bing ndi Yahoo anagwirizana mu 2011, zouza makina kuti nambala iyi ndi mtengo, iyi ndi lamya, ndipo iyi ndi nthawi yotsegulira sitolo. Caciwiri ndi zizindikiro za Open Graph, zimene Facebook inayambitsa mu 2010. Ndizo zimacititsa kuti linki ikatumizidwa pa WhatsApp ifike ndi cithunzi ndi mutu wake, m'malo mofika ngati mzere wa zilembo zosamveka. Kwa wamalonda amene ogula ake ambiri amamupeza kupyolera pa WhatsApp, kanthu kameneka kangapose phindu la zina zonse zachulidwa pamwambapa.

MAINA OCHUKA PA MSIKA

Yakale mwa zonse zochuka ndi All in One SEO, imene inatuluka mu 2007 ndipo kwa zaka zambiri inali m'manja mwa Michael Torbert. Mu 2020 inagulidwa ndi kampani ya Awesome Motive ya Syed Balkhi, imene inaimanganso mwatsopano. Igwira nchito pa mawebusaiti oposa 3 miliyoni.

Yaikulu koposa ndi Yoast SEO ya ku Netherlands, imene Joost de Valk anatulutsa mu 2010. Ili pa mawebusaiti oposa 10 miliyoni, ndipo pafupifupi womanga webusaiti aliyense aidziwa, cinthu cimene cili ndi phindu lake: mwini webusaiti akasiyana ndi mnyamata amene anamumangira, wolowa m'malo sadzasocera. Mu 2021 Yoast inagulidwa ndi Newfold Digital, kampani ya ku America imene ilinso mwini wa Bluehost.

Rank Math inabwera mocedwa, mu 2018, kucokera ku India, ndipo inakopa anthu mwa kupereka kwaulere zinthu zimene ena amagulitsa. Mwa izo muli kulondolera mlendo kucoka pa adiresi yakale kupita pa yatsopano, ndi kaundula wa masamba osoweka amene alendo akhala akugogodapo. Nayo inagulidwa, mu 2023, ndi group.one ya ku Ulaya. Pali zinanso ziwiri zimene sizimveka kwambiri: SEOPress ya Benjamin Denis wa ku France, ndi The SEO Framework ya Sybre Waaijer wa ku Netherlands, imene idziwika cifukwa ca kupepuka kwake ndi kusaonetsa malonda kwa woigwiritsa nchito.

Coonadi cimene ogulitsa sakonda kuchula ndi cakuti pa nchito zazikulu zija, mutu, kacidule, mapu ndi zizindikiro, maplugin asanu onsewa acita zofanana. Googlebot ikafika pa tsamba imawerenga zimene zalembedwapo, ndipo sipereka mphoto cifukwa ca dzina la plugin imene yazilemba. Munthu amene acotsa Yoast naika Rank Math poyembekeza kukwera pamwamba afanana ndi wosintha cola ca makalata poganiza kuti mau a m'kalatamo adzakoma. Ndiponso WordPress yeniyeniyo, kuyambira pa kope la 5.5 la August 2020, imapanga yokha mapu a webusaiti popanda plugin iliyonse. Cimene ilibe mpaka lero ndi malo olembapo kacidule kaja ndi zizindikiro za Open Graph.

NYALI ZOBIRIWIRA NDI CINYANJA

Cimene cinachukitsa Yoast ndi tinyali take titatu. Wolemba amasankha liu lalikulu limene afuna kuti nkhani yake ipezeke nalo, ndipo plugin imayeza nkhaniyo ndi kuyatsa nyali yofiira, ya orenji kapena yobiriwira. Rank Math ndi All in One SEO amapereka malikisi kucokera pa 0 kufika pa 100, monga mphunzitsi pocongera mayeso. Anthu ambiri amataya maola akusinthasintha ziganizo kuti nyali ibiriwire, poganiza kuti Google ikuonanso nyaliyo. Google siiona konse. Nyali ndi maganizo cabe a anthu amene anapanga plugin, ndipo nkhani ya nyali yofiira ingakhale pa nambala 1 pamene ya nyali yobiriwira ili pa nambala 50.

Kwa wolemba m'Cinyanja nkhaniyi ndi yaikulu ndithu. Zoyezera zimenezi zinapangidwira Cingerezi, ndipo pambuyo pake zinakonzedwa kuti zimve zinenero zina pafupifupi 20, monga Cifalansa, Cijeremani, Cipwitikizi ndi Ciarabu. Cinyanja mulibe, monganso mulibe Cibemba, Citonga kapena Cilozi. Pa Cingerezi, Yoast imadandaula ngati ziganizo zambiri zipitirira mau 20, ndiponso ngati mau olumikiza maganizo ali ocepa. Koma liu limodzi la Cinyanja monga "ndikadzakuonani" lanyamula zimene Mngerezi anganene ndi mau anai kapena asanu, motero muyeso wa mau 20 ulibe tanthauzo lofanana. Mau olumikiza monga "komabe", "motero" ndi "pa cifukwa cimeneci" plugin siwazindikira.

Bvuto lina ndi la maonekedwe a mau. Wolemba za ulimi akasankha liu lakuti "munda", plugin siidziwa kuti "minda", "kumunda" ndi "m'minda" ndi a banja limodzi. Imamuuza kuti liu lake silinachulidwe mokwanira. Wolemba womvera amayamba kuthira "munda" m'ciganizo ciliconse mpaka nkhani imveka ngati ya mwana wa giredi 2, ndipo wowerenga amathawa. Coipa koposa, kubwerezabwereza liu mwadala kuli m'gulu la zinthu zimene Google inalemba poyera kuti ndi cinyengo. Ndiye kuti munthu angaononge nkhani yake yabwino pofuna kukondweretsa nyali imene sidziwa cinenero cake. Maplugin onse akuluakulu ali ndi pozimitsira zoyezera zimenezi, ndipo wolemba m'zinenero za kuno acita bwino kuzizimitsa tsiku loyamba.

Pali nkhaninso ya kalembedwe, imene palibe plugin ingaithetse. Ku Zambia mabuku a sukulu alemba "cimanga" ndi "nchito", pamene ku Malawi alemba "chimanga" ndi "ntchito". Pamene Google Translate inalandira cinenero cimeneci mu 2014, inacilandira ndi kalembedwe ka ku Malawi, ndipo zolembedwa zambiri za pa intaneti zitsata komweko. Ngakhale m'Lusaka ndi m'Chipata momwe, anthu ambiri polemba pa foni amaika "ch". Wogulitsa mbeu amene afuna kupezeka ayenera kudziwa mmene ogula ake amalembera pofufuza, ndipo mwina angafunike kuchula kalembedwe kawiri konse penapake m'tsamba lake, mosakakamiza. Ambirinso amafufuza m'Cingerezi kapena mosakaniza zinenero. Zonsezi zimadziwika poona mau enieni amene anthu analemba, monga tidzaonera kumapeto.

CAKA CIMENE YOAST INAPEPESA

Anthu ena amasankha plugin yaikulu poganiza kuti yaikulu silakwa. Zimene zinacitika mu 2018 zionetsa kuti ngakhale njobvu imapunthwa.

Pa nthawi imeneyo, WordPress inali kupanga tsamba lapadera la cithunzi ciliconse cimene munthu waika pa webusaiti, tsamba lopanda nkhani, lokhala ndi cithunzi ndi mutu cabe. Yoast inali ndi posankhira kuti masamba opanda kanthu amenewa asaoneke, koma mlendo azilondoleredwa kwina. M'mwezi wa March 2018 kampaniyo inatulutsa kope la 7.0, ndipo cifukwa ca colakwa m'kati mwa pulogalamu, posankhira paja panatembenuka pokha pa mawebusaiti ena popanda eni ake kudziwa. Webusaiti imene inali ndi nkhani 200 ndi zithunzi 2,000, mwacitsanzo, inaoneka kwa Google ngati ya masamba 2,200, ambiri a iwo opanda pake. Kuyambira mu 2011, pamene inabweretsa dongosolo lochedwa Panda, Google yakhala ikutsitsa mawebusaiti odzala ndi masamba opanda nkhani yeniyeni. Eni mawebusaiti ena anaona alendo ao akucepa sabata ndi sabata osadziwa cimene cawaluma.

Kumapeto kwa May caka comweco Joost de Valk anapepesa poyera, ndipo kampani yake inatulutsa plugin ina yapadera yothandiza kucotsa masamba aja m'kaundula wa Google. Kubvomera kulakwa kotereku kuyenera kuyamikiridwa, pakuti si makampani onse amene amatero. Komabe amene anataya malonda m'miyezi imeneyo sanabwezeredwe kanthu. WordPress inatseka dzenje limeneli pa mawebusaiti atsopano mu November 2023, ndi kope la 6.4, koma phunziro lake likadalipo: plugin ya SEO ili ndi mphamvu yolankhula ndi Google m'malo mwa mwini webusaiti, ndipo ikanena zolakwa, pa webusaiti sipaoneka cizindikiro ciliconse. Masamba atseguka bwinobwino, zithunzi zioneka, koma alendo akutha.

Mu November 2019 Yoast inakwiyitsanso anthu poika cikwangwani ca malonda coyendayenda pa masamba onse a m'kati, kumene eni mawebusaiti amagwirira nchito. Marieke van de Rakt, amene anali mkulu wa kampaniyo, anapepesa ndipo cikwangwanico cinacotsedwa. Ici ndi cikumbutso cakuti plugin yaulere ndi khomo lolowera ku sitolo, ndipo mwini sitolo afuna kuti wolowayo tsiku lina agule.

ZA AKUBA NDI MAKOMO OSATSEKA

Plugin iliyonse ndi khomo loonjezera pa nyumba, ndipo khomo lingakhale ndi loko wofooka. Mu March 2020 akatswiri a kampani ya Wordfence anapeza kuti Rank Math, imene pa nthawiyo inali pa mawebusaiti oposa 200,000, inali ndi mpata wolola munthu wakunja kupereka kapena kulanda ulamuliro wa webusaiti. Mu December 2021 Marc Montpas wa gulu la Jetpack anapeza mpata wina mu All in One SEO: munthu wokhala ndi akaunti wamba anali wokhoza kudumpha mlonda mwa kungosintha cilembo cimodzi m'adiresi kuti cikhale cacikulu. Mawebusaiti oposa 3 miliyoni anali pa ngozi. Makampani onse awiri anatseka mipatayo msanga, koma anapulumuka ndi okhawo amene analandira kope latsopano.

Pa cifukwa cimeneci, wosankha plugin ayenera kuyang'ana pa tsamba lake m'nkhokwe ya WordPress, pamene palembedwa tsiku limene inakonzedwa komaliza, ciwerengero ca mawebusaiti oigwiritsa nchito, ndi mafunso a anthu amene ayankhidwa. Plugin imene yakhala caka cathunthu kapena kuposa osakhudzidwa ndi mwini wake ndi nyumba yosiyidwa, ngakhale itakhala ndi nyenyezi zisanu.

Ngozi yaikulu kwa anthu a ndalama zocepa ndi maplugin obedwa, amene pa intaneti achedwa nulled. Awa ndi makope a maplugin ogulitsa amene wina wathyola loko wake ndi kuwagawa kwaulere kapena pa mtengo wa bandulo ya tsiku limodzi. Omanga mawebusaiti ena amawaika mwakacetecete kuti aoneke ngati apatsa kasitomala zinthu zapamwamba. Kawirikawiri m'kati mwake mumabisidwa kapulogalamu kotsegulira wakuba khomo la kumbuyo, ndipo pakapita miyezi webusaiti ya sukulu kapena ya mpingo imayamba kuonetsa pa Google malonda a juga ndi a mankhwala okaikitsa. Google ikazindikira imaika cenjezo lofiira lotsekereza alendo. Mwini webusaiti ali ndi ufulu wofunsa womumangira kuti aonetse lisiti la plugin iliyonse yogula, ndi kuti laisensi yake yalembedwa m'dzina la yani. Cotsika mtengo cimadula pambuyo.

IMODZI YAKWANA

Colakwa cofala ndi kuika maplugin a SEO awiri kapena atatu nthawi imodzi, poganiza kuti mphamvu idzawirikiza. Cimene cimacitika ndi cakuti iliyonse imalemba mutu wake, kacidule kake ndi mapu ake, ndipo Google imalandira malangizo otsutsana pa tsamba limodzi. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Wofuna kusamuka kucoka pa ina kupita pa ina ayambe wasunga kope la webusaiti yonse, kenaka agwiritse nchito cosamutsira cimene maplugin akuluakulu onse ali naco, cimene cimatenga mitu ndi zidule zakale, ndipo pomaliza azimitse yakaleyo. Wodumpha gawo lapakatili angataye m'mphindi imodzi zimene analemba kwa zaka zitatu.

Kulemera kwa webusaiti nakonso ndi nkhani. Mu 2023 Google inalengeza kuti yatsiriza kusamukira ku dongosolo loyeza webusaiti monga mmene ionekera pa foni, osati pa kompyuta. Muyeso wake wina ndi wakuti cinthu cacikulu ca pa tsamba cizioneka pasanathe masekondi 2.5. Plugin ya SEO payokha siilemetsa tsamba kwambiri. Olemetsa enieni ndi zithunzi zoikidwa monga zacokera m'kamera, ndi mulu wa maplugin 30 kapena 40 amene ena sagwiranso nchito. Mlendo wa ku Lundazi amene akuwerenga pa foni ndi bandulo yotsala pang'ono sadikira tsamba lolemera. Amabwerera, ndi kutsegula la mnzake.

NANGA YOGULA?

Makope ogula amalipiridwa caka ndi caka ndi ndalama zakunja, ndipo ya Yoast imafika pafupifupi madola 100 a ku America kapena kuposerapo pa webusaiti imodzi. Ndalama imeneyi imakwera m'Makwacha nthawi iliyonse pamene Kwacha yafooka, ndipo wosiya kulipira amaleka kulandira makope atsopano, zimene zimamubwezera ku nkhani ya maloko ija. Kwa webusaiti ya masamba 10 kapena 20, ya garaji, ya sukulu kapena ya kalabu ya alimi, kope laulere likwanira kotheratu. Ngakhale nchito yolondolera alendo ku adiresi yatsopano, imene Yoast imaika m'kope logula, ingacitidwe ndi plugin yaulere ya John Godley yochedwa Redirection. Kugula kuyamba kukhala kwanzeru pa sitolo ya katundu mazanamazana, kapena pa nyuzipepala yotulutsa nkhani zambiri tsiku lililonse, kumene nthawi yopulumutsidwa iposa ndalama yolipiridwa.

Ogulitsa ena amachulabe malo olembapo mndandanda wa mau obisika, ochedwa meta keywords, ngati cinthu camtengo. Google inanena poyera mu September 2009 kuti siwawerenga posankha malo a tsamba. Inanenanso kuti kacidule kaja sikakweza tsamba. Nchito yake ndi kukopa munthu kuti adine. Ndipo Google imalembanso yokha mitu ina ikaona kuti ya mwini tsamba siyenera. Mu May 2024 inayamba kuika pamwamba pa zotsatira mayankho olembedwa ndi makina a nzeru zopanga, ochedwa AI Overviews, ndipo maplugin sanacedwe kugulitsa zida zatsopano za nyengo imeneyi. Malangizo a Google eni ake ndi akuti palibe cizindikiro capadera cofunika kuti tsamba lichulidwe m'mayankho amenewo, kupatula zofunika zakale zomwe zija.

Aliponso anthu amene amalemba makalata kwa eni mawebusaiti kulonjeza nambala 1 pa Google m'masiku 30. Njira zao zambiri ndi zogula malinki kapena zobisa mau. Mu February 2006 Google inacotsa kwa masiku angapo webusaiti ya BMW ya ku Germany m'kaundula wake cifukwa ca masamba oonetsa makina zina ndi anthu zina. Mu February 2011 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya J.C. Penney inali pamwamba cifukwa ca malinki zikwizikwi oikidwa pa mawebusaiti osagwirizana ndi malonda ake. Kampaniyo inati sinadziwe, ndipo inacotsa nchito amene anali kuicitira SEO, koma pa mau ena inagwa kucoka pa nambala 1 kufika kupyola nambala 60. Ngati cilango cinagwera makampani a msinkhu umenewo, wogulitsa uci wa ku Kabompo sangayembekeze cifundo.

KOONERA ZOTSATIRA

Cida coonera ngati nchito ikuyenda ndi Google Search Console, caulere, cimene mpaka 2015 cinali kuchedwa Webmaster Tools. Mwini webusaiti akatsimikizira kuti ndi yakedi, amapereka kumeneko adiresi ya mapu aja, ndipo pakapita masiku amayamba kuona masamba amene alowa m'kaundula, amene akanidwa ndi cifukwa cake, ndiponso mau enieni amene anthu analemba asanamupeze. Ndi kumeneko kumene wogulitsa mbeu adzadziwira ngati ogula ake alemba "cimanga", "chimanga" kapena "maize seed". Ndi kumenekonso kumene bvuto longa la 2018 limaonekera msanga, pakuti ciwerengero ca masamba cimalumpha popanda cifukwa. Google ili ndi plugin yakeyake, Site Kit, ya mu 2019, imene imabweretsa ziwerengero zimenezi m'kati mwa WordPress. Iyo silemba mitu kapena zidule, motero ikhoza kukhala pamodzi ndi plugin ya SEO popanda mkangano. Akaunti ya Search Console ilembedwe m'dzina la mwini malonda kapena la bungwe, osati la womanga webusaiti, amene mawa angasamukire ku Ndola ndi makiyi m'thumba.

Wamalonda amene ogula ake ndi a m'tauni yomweyo, monga wokonza magalimoto kapena wophika nsima, alembetsenso pa Google Business Profile, kumene kulinso kwaulere. Kumeneko ndiko kumacokera mapu, lamya ndi maola oonekera pamwamba munthu akafufuza malo apafupi, ndipo sikudalira plugin iliyonse.

Asanaike plugin ngakhale imodzi, mwini webusaiti atsegule Settings m'kati mwa WordPress, alowe pa Reading, ndi kuyang'ana kabokosi ka m'munsi kopempha makina ofufuzira kuti asalembe webusaitiyo m'kaundula. Omanga amakaconga pamene nchito ili m'kati kuti Google isaone nyumba yosatha, ndipo kawirikawiri amaiwala kukacongolola popereka makiyi. Kakakhala koconga, tsamba lililonse limanyamula cizindikiro couza Googlebot kuti ipitirire. Kabokosiko kakacongoloka, pamatenga masiku angapo kapena masabata kuti masamba ayambe kulowa m'kaundula, ndipo wofulumira angapemphe kupyolera pa Search Console kuti tsamba loyamba liyenderedwe msanga.